Tifunseni: Belu la Pakhomo Lokhala ndi Kamera

Makalata amene tasankha m'kope lino onse akukhudza chipangizo chimodzi, belu la pakhomo lokhala ndi kamera, maikolofoni ndi kasipika, limene limatumiza uthenga pafoni munthu akafika pakhomo. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba sitinawatchule.

Funso: Akonzi, ine ndi mayi akunyumba timapita kuntchito m'mawa ndipo pakhomo pamakhala popanda munthu mpaka madzulo. Tikufuna kuika belu la kamera, koma mitundu yake yatichulukira: ena ndi a batire, ena ndi olumikiza kumagetsi, ena alembedwa 1080p pamene ena alembedwa 2K. Kodi tiyambire pati?
Bambo wogwira ntchito mu ofesi

Yankho: Bambo, musayambire kusitolo ayi, koma pakhomo panu pomwepo. Kaimeni pamene mukufuna kuika belulo, foni ili m'manja ndipo chitseko chili chotseka, kenako muone zinthu ziwiri: ngati pakhomapo pali kale mawaya a belu lakale, komanso ngati WiFi ya m'nyumba ikufika pamenepo ndi mphamvu. Zimene mupeze ndizo zidzakusankhireni belu, pakuti kamera yojambula bwino chotani ilibe phindu ngati uthenga wake ukufika pafoni mlendo atabwerera kale.

Belu la batire ndi losavuta kuika, chifukwa silifuna waya uliwonse. Vuto lake ndi lakuti, pofuna kusunga mphamvu, nthawi zambiri limakhala lili chigonere, ndipo limadzuka pokhapokha munthu akadina batani kapena kachipangizo kake komva kutentha kwa thupi, kotchedwa PIR, kakazindikira kuti pali chimene chikuyenda. Kudzukako kumatenga kanthawi kochepa kwambiri, komabe nthawi zina kamakwana kuti vidiyo iyambe munthu atatembenuka kale, inu n'kungoona nkhongo yake. Opanga amalemba kuti batire limatha miyezi ingapo lisanafune kutchajidwanso, ndipo zimenezi zimatheka pakhomo pamene sipadutsadutsa anthu; koma ngati khomo lanu layang'ana msewu wodzaza anthu ndi magalimoto, belu limadzuka pafupipafupi ndipo batire limatha m'milungu yochepa. Nyengo nayonso imakhudza: mabatire a lithium amafooka kukazizira kwambiri, ambiri salola kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa 0°C, ndipo dzuwa loomba pa belu tsiku lonse limakalambitsa batire msanga. Mukasankha mtundu umenewu, pezani lomwe batire lake limatuluka palokha, kuti musamachite kuzula belu lonse pakhoma nthawi iliyonse yotchaja.

Belu la mawaya limatenga magetsi ochepa mphamvu kuchokera ku kathiransifoma, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi kamene kamakhala pafupi ndi bokosi la magetsi kapena mkati mwa belu lolira la m'nyumba. Ambiri amafuna magetsi a AC a pakati pa 16 V ndi 24 V, pamene mabelu ambiri akale ankayendera 8 V kapena 12 V yokha. Choncho kukhala ndi mawaya pakhoma sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Muyenera kuwerenga zimene zalembedwa pa kathiransifomako, kuphatikizapo nambala ya VA imene imasonyeza mphamvu zimene kangapereke, n'kuyerekezera ndi zimene zalembedwa pabokosi la belu latsopano. Ubwino wake ndi wakuti belu lotere siligona: limaona nthawi zonse, mitundu yambiri imasunga masekondi angapo a zimene zinachitika munthu asanafike pachitseko, ndipo ina imatha kujambula usana ndi usiku osalekeza.

Ena amakonda la batire poganiza kuti lidzawathandiza magetsi akazima. Ganizoli ndi loona mbali imodzi yokha, chifukwa magetsi akazima rauta, kabokosi koulutsa WiFi m'nyumba, nayonso imazima, ndipo belu, ngakhale lili ndi moto, limasowa njira yotumizira uthenga. Amene akufuna kuti zinthu zisamaime ayenera kugulira rauta kabatire kosungira magetsi kotchedwa UPS.

Za 1080p ndi 2K, manambala osonyeza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, zisakutayitseni nthawi yambiri. Munthu woima mita imodzi kapena awiri kuchokera pa kamera amaoneka bwino pa 1080p. Chofunika kwambiri ndi kaonekedwe ka chithunzicho: kamera ya 16:9 imaona kwambiri m'mbali koma imadula pansi, pamene ya 4:3 kapena 1:1 imaonetsa munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pamodzi ndi phukusi limene lasiyidwa pansi. Chachiwiri ndi HDR, njira yolinganiza kuwala ndi mdima pa chithunzi, imene imathandiza ngati khonde lanu lili ndi mthunzi koma kumbuyo kwa mlendo kukuwala dzuwa; popanda iyo nkhope imangooneka bii. Kunena mwachidule maganizo anga, ngati mawaya alipo ndipo kathiransifoma n'kokwanira kapena kangasinthidwe, tengani la mawaya.

Funso: Zikomo akonzi. Nyumba yathu ili mumpanda wa njerwa, ndipo alendo amaima pageti lachitsulo lomwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 25 kuchokera panyumba. Mlamu wanga anaika belu pageti lake koma chithunzi chimangoima, mawu n'kumadukaduka. Kodi vuto ndi belulo?
Mayi wa ana atatu

Yankho: Mayi, kawirikawiri vuto silikhala belu koma njira imene uthenga ukudutsa. WiFi imafooka ikamadutsa m'makoma a njerwa ndi konkire, ndipo chitsulo chimaitchinga kwambiri kuposa zonsezi, moti belu lomangidwa kunja kwa geti lachitsulo limakhala ndi chotchinga kumbuyo kwake kwenikweni, mbali imene kuli rauta. Ngati n'kotheka, liikidwe pachipilala cha geti osati pachitsulo penipenipo.

Marauta ambiri amaulutsa WiFi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma sipita patali, ya 2.4 GHz imayenda pang'onopang'ono koma imafika patali ndipo imapyola makoma bwinoko, n'chifukwa chake mabelu ambiri amagwiritsa ntchito imeneyi, ena mwa iwo imeneyi yokha. Mapulogalamu a mabelu ambiri amaonetsa nambala yotchedwa RSSI yosonyeza mphamvu ya WiFi pamene pali belu. Nambalayi imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndipo ikayandikira ziro ndiye kuti zili bwino: -50 ndi yabwino, pamene -70 ndi yofooka ndipo ndi imene imabweretsa zimene alamu anu akuona. Muonenso liwiro lotumizira zinthu pa intaneti yanu, osati lolandirira lokha limene makampani amakonda kulengeza, popeza ntchito ya belu ndi kutumiza vidiyo. Liwiro la pafupifupi 2 Mbps ndilo limafunika pa belu limodzi la 1080p.

Kachipangizo kowonjezera WiFi kangathandize, malinga ngati mwakaika pawindo loyang'ana kugeti, pamalo pamene iko komwe kakulandira bwino kuchokera ku rauta. Kuika kachipangizoka pamene WiFi yafooka kale n'kungowonjezera kufookako. Koma pa mtunda ngati wanuwu njira yodalirika ndi belu la PoE, limene limalandira magetsi ndi intaneti kudzera m'nthambo imodzi ya netiweki, ndipo nthambo yotere imagwira ntchito bwino mpaka mamita 100. Kampani ngati Reolink ndi Ubiquiti zimapanga mabelu otere. Pamafunika kukumba kangalande n'kudutsitsa nthambo m'paipi, ntchito ya tsiku limodzi yomwe imathetsa nkhani ya batire ndi ya WiFi nthawi imodzi. Amene akumanga nyumba kapena mpanda panopa achite bwino kuikiratu paipi yopanda kanthu yochokera panyumba kukafika pageti, ngakhale asanaganize zogula belu.

Funso: Akonzi, ndagula kale belu la mawaya ndipo pakhomo pali belu lakale lomwe likugwira ntchito. Kodi ndingaike ndekha, kapena ndiitane mmisiri?
Wophunzira wa pakoleji

Yankho: Achimwene, kusintha batani lakale n'kuikapo belu latsopano mungathe nokha, chifukwa mawaya awiri a pakhomowo amanyamula magetsi ochepa mphamvu. Koma ngati pakufunika kusintha kathiransifoma, itanani mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka, popeza mbali imodzi ya kathiransifomako imalumikizidwa ku magetsi akuluakulu a m'nyumba, a 230 V kapena 120 V malinga ndi dziko, amene angathe kupha munthu. Ndipo musayese n'komwe kulumikiza belu mwachindunji ku mawaya a soketi kapena a babu la pakhonde. Lidzapsa nthawi yomweyo.

Yambani ndi kuika pulogalamu ya belu pafoni n'kutsegula akaunti. Kenako zimitsani magetsi pabokosi lalikulu, ndipo mutsimikize kuti azimadi podina belu lakale. Likapanda kulira, pitirizani. Mukamasula batani lakale, matani mawaya awiriwo kukhoma ndi tepi, chifukwa akathawira m'bowo kuwatulutsa kwake ndi ntchito yotopetsa. Popeza magetsi ake ndi a AC, pa mabelu ambiri zilibe kanthu kuti waya uti wapita mbali iti, bola akhale omangidwa zolimba ndipo asakhudzane. Pakhoma la njerwa boolani ndi nsonga yoboolera njerwa, mulowetse timapulasitiki togwira timabawuti, kenako mumange kachitsulo kapena kapulasitiki kokhazikapo belu.

Chimene anthu ambiri amadumpha ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamabwera m'bokosi kuti kaikidwe pa belu lolira la m'nyumba. Belu lakale linkatenga magetsi pokhapokha munthu akadina, pamene la kamera limakoka magetsi pang'ono nthawi zonse kudzera mu belu lolira lija. Popanda kachipangizoka, la m'nyumbalo limatha kumangong'ung'udza kapena kulira lokha. Mitundu ina m'malo mwake imabwera ndi kawaya kolambalalitsa belu la m'nyumba, ndipo zikatero silidzaliranso, mudzafunika kugula kabelu kolowetsa m'soketi. Werengani bwino kabuku ka malangizo pa mfundo imeneyi.

Tsono za malo. Opanga ambiri amalangiza kuti belu likhale pafupifupi mita 1.2 kuchokera pansi. Anthu amafuna kulikweza kufika pamene pali nkhope ya munthu wamkulu, koma kamera zimenezi zimaona mbali yaikulu, mpaka madigiri 150 kapena kuposerapo, moti pa mita 1.2 nkhope imaoneka ndithu, pamene likakwera kwambiri limasiya kuona ana ndi katundu wa pansi n'kuyamba kuona magalimoto a mumsewu. Ngati pakhomo pali masitepe, kapena belu lili pakona pamene khoma lina latulukira m'mbali mwake, gwiritsani ntchito kamphanda kopendeketsa kamene kamabwera m'bokosi kapena kamagulitsidwa padera. Khoma loyandikira limavutitsa makamaka usiku: kamera imaunikira ndi kuwala kwa infrared kumene maso athu saona, kuwalako kumabwerera kuchokera pakhomalo, kamera n'kudzichepetsera kuwala, ndipo mlendo amatsala mumdima. Musanamange kotheratu, onani chithunzi pafoni masana komanso usiku. Pankhani ya mvula, chizindikiro cha IP65 chimatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madzi owaza saliwononga, komabe belu lokhala pansi pa denga la khonde limakhalitsa kuposa lokhala pamtetete. Pomaliza mangani kabawuti kachitetezo ka pansi pa belu, ndipo kachitsulo komasulira kake mukasunge pabwino.

Funso: Akonzi, ndamva kuti ukagula belu lotere umalipiranso mwezi uliwonse. Kodi n'zoona? Nanga limadya data yochuluka bwanji?
Bambo wopuma pantchito

Yankho: Bambo, n'zoona pa mitundu ina, ndipo funso limeneli liyenera kufunsidwa musanagule. Belu la Ring, kampani imene inayamba mu 2013 ndi dzina lakuti DoorBot n'kugulidwa ndi Amazon mu 2018, limakulolani kulandira uthenga, kuona amene ali pakhomo ndi kulankhula naye popanda kulipira, koma kuti muonere vidiyo ya zimene zinachitika kale muyenera kulipira mwezi ndi mwezi, chifukwa mavidiyowo amasungidwa pamakompyuta a kampaniyo. Nest ya Google imasunga kwaulere za maola ochepa okha. Mitundu yambiri ya Eufy, Reolink ndi Tapo imasunga mavidiyo kunyumba kwanu komweko, pa kakhadi ka microSD kapena m'kabokosi kokhala m'nyumba. Powerengera mtengo, phatikizani ndalama yogulira ndi zolipira za zaka zitatu kapena zinayi. Belu looneka lotchipa pashelefu likhoza kukhala lodula kuposa onse.

Njira iliyonse ili ndi pofooka pake. Kakhadi kakakhala mu belu momwemo, wakuba akazula belu wapita ndi umboni womwe. Kabokosi ka m'nyumba kamapewetsa zimenezi. Zosungidwa pa intaneti sizibedwa pamodzi ndi belu, koma intaneti ikaduka palibe chimene chimasungidwa pa mitundu yambiri. Mukasankha kakhadi, gulani kopangidwira makamera ojambula nthawi zonse, chifukwa timakhadi wamba timatha msanga tikamalembedwa ndi kufufutidwa tsiku ndi tsiku.

Data mungathe kuiwerengera nokha. Vidiyo yoyenda pa 2 Mbps imadya pafupifupi 15 MB pa mphindi imodzi. Tiyerekeze kuti belu lajambula timavidiyo 40 ta masekondi 30 pa tsiku: imeneyo ndi 300 MB, kapena kuti 9 GB pa mwezi, osawerengera nthawi imene inuyo mukuonera pafoni. Likamatumiza pa intaneti usana ndi usiku, limapitirira 21 GB pa tsiku limodzi. Kwa amene intaneti yawo ili ndi malire, belu losunga mavidiyo kunyumba ndilo loyenera, popeza limatumiza kunja timauthenga tokha ndi zimene mwapempha kuona.

Funso: Akonzi, chiikireni belu la kamera aneba athu sakutilankhula bwino. Akuti tikuwajambula akamalowa ndi kutuluka m'nyumba mwawo. Ife tinangoika chifukwa cha chitetezo. Kodi talakwa?
Mayi wokhala m'nyumba zogundizana

Yankho: Mayi, cholinga chanu n'chabwino, koma dandaulo la aneba anu si lopanda pake, ndipo ndikupemphani kuti mulitenge mozama. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'mayiko ambiri kujambula pakhomo panu n'kololedwa pamene kujambula khomo, mawindo kapena bwalo la munthu wina tsiku ndi tsiku kumakhudza ufulu wake wa chinsinsi. Mu 2021 khoti la ku Oxford ku England linagamula kuti mwini nyumba wina amene anaika makamera angapo, kuphatikizapo belu la Ring, anaphwanya malamulo oteteza zinsinsi za anthu, ndipo chimene chinadetsa nkhawa kwambiri woweruza chinali mawu, poti zipangizozo zinkatola zokambirana za anthu amene anali patali, kunja kwa malo a mwini wakeyo. Anthu ambiri oika mabelu amaiwala kuti maikolofoni ilibe malire a mpanda.

Pali zinthu zimene mungachite lero lomwe. Tsegulani pulogalamu ya belu, mupeze pamene amalola kuphimba mbali ina ya chithunzi, ndipo muphimbe khomo ndi mawindo a aneba kuti pamenepo pazioneka pakuda. Zimitsani kujambula mawu ngati simukufunikira kwenikweni; kulankhula ndi mlendo kumathekabe pa mitundu yambiri. Pendeketsani belu kuti liyang'ane njira yolowera kwanu. Mukatero, aitaneni anebawo muwaonetse pafoni zimene kamera ikuona, chifukwa munthu amene sanaone chithunzicho amaganiza kuti mukuona zonse za m'nyumba mwake. Kachikwangwani kodziwitsa kuti pakhomo pali kamera kamathandizanso. Ndipo musamafulumire kutumiza pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp vidiyo ya munthu amene mwangomukayikira. Ngati pachitika zaupandu, vidiyoyo ipite kupolisi.

Chinsinsi chanu inu eni chilinso pangozi ngati akaunti siili yotetezeka. Mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Ring kuti ilipire madola 5.8 miliyoni pa milandu yakuti antchito ake ena ankatha kuonera mavidiyo a makasitomala komanso kuti siinateteze mokwanira maakaunti kwa akuba a pa intaneti. Mu 2024 bungwe la Consumer Reports linapeza kuti mabelu ena otchipa ogulitsidwa pa intaneti ndi mayina ngati Eken ndi Tuck ankatheka kulandidwa ndi munthu wongoima pakhomo, n'kuwalumikiza ku foni yake. Choncho ikani pasiwedi yaitali imene simunaigwiritsepo ntchito kwina, yatsani njira yotsimikizira kawiri polowa mu akaunti, lolani belu kulandira mapulogalamu atsopano okonza zolakwika, ndipo a m'banja mwanu muwapatse chilolezo kudzera mu akaunti zawozawo m'malo mogawana pasiwedi imodzi. Belu lopanda dzina la kampani yodziwika ine sindingaliike pakhomo panga, ngakhale litatchipa bwanji.

Funso: Akonzi, foni yanga imangolira usiku wonse kuti pakhomo pali munthu, koma ndikayang'ana palibe aliyense.
Mtsikana wogwira ntchito usiku ndi usana mosinthana

Yankho: Achemwali, yang'anani kaye pagalasi la kamera, chifukwa kuwala kwa infrared kumaonetsa kwambiri tizilombo touluka ndi ukonde wa kangaude zimene zili pafupi, ndipo ulusi umodzi wogwedezeka ndi mphepo umakwana kuchititsa mabelu ena kutumiza uthenga. Pukutani ndi kansalu kofewa. Kenako jambulani m'pulogalamu malire a malo oyenera kuyang'aniridwa, kusiya kunja msewu ndi nthambi za mitengo, chepetsani mphamvu yomvera kuyenda, ndipo ngati belu lanu limatha kusiyanitsa munthu ndi galimoto kapena chiweto, sankhani kuti lizikudziwitsani za anthu okha.

Funso: Akonzi, mayi anga ndi okalamba, amakhala m'nyumba ya lendi ndipo foni yamakono saidziwa. Kodi belu lotere lingawathandize?
Mwana wawo woyamba

Yankho: Lingawathandize, koma pokhapokha mutaganizira iwowo poyamba, osati foni yanu. Belu longolira pafoni ya mwana amene ali kutali silithandiza mayi amene ali m'chipinda ndipo sakudziwa kuti pakhomo pali munthu. Pafunika kabelu kolowetsa m'soketi kolira mokweza, makamaka kokhala ndi nyali yothwanima ngati makutu ayamba kuvuta, komanso kasikirini kokhala pamalo amodzi kamene kamaonetsa mlendo batani likangodinidwa, popanda kutsegula pulogalamu iliyonse. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa foni zamakono: Marie Van Brittan Brown, namwino wa ku Queens mumzinda wa New York, pamodzi ndi mwamuna wake Albert analembetsa mu 1966 luso la kamera ya pachitseko yoonetsa mlendo pa wailesi yakanema ya m'nyumba, yokhala ndi njira yolankhulirana, ndipo chiphaso cha umwini wa lusolo chinatuluka mu 1969. Zipangizo za mtundu umenewo, za kamera panja ndi sikirini mkati, zikugulitsidwabe, ndipo zambiri sizifuna intaneti n'komwe.

Popeza nyumbayo ndi ya lendi, pemphani chilolezo kwa eni nyumba musanaboole khoma, ndipo ndi bwino chilolezocho chikhale cholembedwa. Akakana, pali zogwirira zimene zimapanikiza m'mphepete mwa chitseko popanda kuboola, zopangidwira mabelu a batire. Mukatenga njira imeneyi, gulani batire lachiwiri ndipo ntchito yosintha ikhale yanu, osati ya mayi. Muwafunsenso iwo eni ngati akuvomera kuti inu muziona aliyense wobwera kudzawachezera, ndipo ngati sakufuna, zimitsani mauthenga a pafoni yanu n'kusiya kabelu ndi sikirini ya m'nyumba zokha.